Laptop yakana wifi, interview ili 10 koloko

Mkazi 09:12
router ndazimitsa ndayatsanso. laptop ikukanabe

Mkazi 09:12
foni ikulowa, tv ikulowa, iyo yokha ikuti can't connect to this network

Mwamuna 09:16
ndili pamzere wotsitsa katundu. password walemba bwino?

Mkazi 09:16
password ndi tsiku lanu lobadwa. mwabadwanso kachiwiri?

Mwamuna 09:18
panga forget network ulowenso

Mkazi 09:18
ndapanga kale. bambo interview ili 10, ntchitoyi ndaidikira mpaka kuwonda. musandiyankhe ngati kondakitala

Mwamuna 09:20
pangira pafoni

Mkazi 09:20
pali test ya typing, akufuna aone screen. hotspot musatchule, network m'nyumba muno ndi kamzere kamodzi mukudziwa

Mwamuna 09:23
chilaptop chimenecho nchakale. chafa basi

Mkazi 09:23
sabata yatha chimalowa bwinobwino

Mwamuna 09:24
sabata yatha?? si chili m'katoni pamwamba pa wardrobe?

Mkazi 09:24
ndimachitsitsa mukakhala pa ulendo, ndizipanga practice. mukakhalapo mumandiseka kuti ndimalemba ngati nkhuku ikutola misere

Mkazi 09:29
alo

Mkazi 09:32
muli online ndikukuonani

Mwamuna 09:34
🎤 0:41

Mkazi 09:35
ndikungomva injini ya lole. lembani, zala muli nazo

Mwamuna 09:37
usakwiye

Mkazi 09:37
ndakwiya kale. kambani

Mwamuna 09:38
lachisanu ndili kunyumba ndinaona history pa app ya router. pali device ina imalowa ine ndikangochoka, ndikabwera imasowa. ndinaiblocka

Mwamuna 09:38
dzina lake "wokondedwa wanga"

Mwamuna 09:39
ukanakhala iwe ukanaganiza chn?

Mkazi 09:41
📷 chithunzi

Mkazi 09:41
settings za laptop zimenezo. werengani dzina lake mokweza, anzanu a malole amve

Mwamuna 09:42
aaa

Mkazi 09:42
munalemba ndinu. pashopu paja mumandigulira, musanandikwatire. ndi chala chimodzi, thukuta kamukamu, wogulitsa akubisa kuseka

Mkazi 09:43
ndiye nchifukwa chake loweruka munakana chakudya changa eti. nchifukwa chake mumanunkhiza mapilo. ine kumaganiza kuti mwadwala chimfine, mpaka kukufinyirani mandimu

Mwamuna 09:44
munthu ukakhala pamsewu mutu umaganiza zambiri

Mkazi 09:44
pakamwa mulibe? kundifunsa kukanakuthyolani dzino? mwafunsa router, ine ndili pompo ndikukusitirani malaya

Mwamuna 09:45
pepa

Mkazi 09:45
pepa wanuyo sakulowetsa laptop. unblock

Mwamuna 09:47
app sikulola ndili kutali. ikufuna munthu ali pa wifi ya kunyumba

Mkazi 09:47
ndiye ndipatseni password ya admin ndilowe ndi foni

Mkazi 09:49
bambo

Mkazi 09:51
📞 sanayankhe

Mkazi 09:52
ndikaphonya interview iyi lole yomweyo ikhale nyumba yanu, sindikuseka

Mwamuna 09:53
ndinaisintha tsiku lomwelo. usaitengere kumtima

Mkazi 09:53
LEMBANI

Mwamuna 09:54
ndikugwira123

Mkazi 09:54
ok

Mwamuna 09:55
pita pa blocked devices, udine kachizindikiro kofiira

Mwamuna 09:57
yalowa?

Mwamuna 10:01
mayi a mwana, yalowa?

Mwamuna 10:48
zayenda bwnj

Mwamuna 11:15
📞 sanayankhe

Mwamuna 11:16
🎤 1:52

Mwamuna 12:30
voice note yanga sunaimvere. ndazimitsa injini, ikumveka bwino pano

Mkazi 13:05
yalowa. ndinayamba ndi maso ofiira, ndawauza kuti ndi fumbi. andiitananso lolemba

Mwamuna 13:05
eee zikomo Mulungu!! ndimadziwa ine kuti mkazi wanga ndi katswiri

Mkazi 13:06
zimene mumadziwa za ine ndaziwerenga pa password

Mwamuna 13:07
ndiisintha ndikafika, ndikulonjeza

Mkazi 13:09
isiyeni. ine ndasintha dzina la laptop, musadzavutikenso kundilondera

Mwamuna 13:09
wailemba kuti chn?

Mkazi 13:10
laptop

Mwamuna 13:11
basi?

Mwamuna 13:26
bwezeretsa lakale lija plz

Mwamuna 14:02
mayi a mwana