Zala Ziwiri za Alamu M'boti la Kumapiri

Lobi, Dedza
21 Julaye 2023

Okondedwa achemwali a Clotilda,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi moyo ku Joniko, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu suli m'malo. Ndapatsira a Petulo, dalaivala wa thiraki uja, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi pafoni zikundikanika. Kawiri konse mwandifunsa kuti anatema amuna anu ndani, ndipo kawiri konse ndakuyankhani kuti sindinaone. Ndinanama, achemwali. Ndinaona zonse.

Poyamba za odwala. Alamu a Bonifasio akupezako bwino kuchipatala. Bala la pamutu analisoka, koma zala ziwiri za dzanja lamanja zinatsala m'boti. Dzulo anadya nthochi zitatu, mpaka kundinena kuti ndawonda ngati wogonekedwa ndine.

Boti lija inu munangoliona pazithunzi, ndiye simungadziwe mmene tinalivutikira. Tsiku limene linafika pa lole kuchokera kunyanja, mudzi wonse unaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Boti kumapiri kuno, kumene madzi ambiri ndi a m'chitsime! Linali lokalamba, utoto utasuluka, kumimba kuli ming'alu itatu, popondapo pali pofewa ngati buledi wonyowa. Koma alamu ankati ndi la mtundu wokoka alendo ataimirira pa timatabwa pamwamba pa madzi, ndipo likadzachira lidzakubwezani kumudzi kuti muleke kuchapira anthu zovala kunja. Mayi anawapatsa malo m'mphepete mwa munda wa kachewere, paja mzime wathu Alufeo ankafuna kumangapo khola la nkhumba. Iye anangoti, “Masiku ano mkamwini akugawiridwa minda,” n'kuchoka. Tonse tinayesa nthabwala.

Ine monga kalipentala ndinatenga mbali ya matabwa. Titang'amba pansi ponse tinapeza nthiti za boti zitawola, siponji ya mkati itamwa madzi onunkha a zaka zambiri. Tinasema nthiti zatsopano, kuzikuta ndi faiba, nsalu yoyera ya ulusi wagalasi, n'kupaka rezini pamwamba. Rezini ndi guluu wonunkha moti mutu umazungulira, ndipo sauma popanda madontho a mankhwala ena ofiira. Madonthowo alamu ankayeza ndi jakisoni wobayira nkhumba. Taganizani nokha: munthu wavala masiki, magolovesi ndi ovolosi yoyera, m'manja muli jakisoni wodzaza zofiira. Ife tinkangoona ntchito basi.

Tsopano kulakwa kwanga. Ming'alu ya kumimba imafunika kuipala ndi gilayinda musanamate, ndipo fumbi lake ndi timagalasi tosaoneka ndi maso. Alamu anandiletsa kupala kukakhala mphepo. Koma inu mukundidziwa, khutu langa limamva likafuna. Lachiwiri sabata yatha, iwo atapita kuboma kukagula pulayiwudi, ndinaliza jenereta n'kupala tsiku lonse, mphepo ikuwomba kulozera kumunsi kumene azimayi amayanika zovala pazitsamba. Lachitatu mabanja anayi anadzuka akukanda, m'mikono ndi m'khosi muli timadontho tofiira ngati pobaya singano. A Jesinta, akazi a Alufeo, anadutsa pafupi ndi boti titangotsegula chigubu cha rezini, anachita chizungulire n'kukhala pansi.

Amene anayambitsa mawu akuti anamapopa sindikumudziwa. Ndinawamva kuchigayo tsiku lomwelo, kuti mkamwini wa kwa Damiano akupopa anthu magazi n'kumasunga m'zigubu. Ndinaseka, ndipo alamu sindinawauze, poopa kuti adziwa kuti ndinapala pamphepo. Ndikanatsegula pakamwa, bwenzi tapita limodzi nyumba ndi nyumba kukafotokoza. Chimenechi chikundiwawa mpaka lero.

Lachinayi masana tinali kuyala thabwa lomaliza la pansi, tinangomva malikhweru ndi zitini kumunsi kwa munda. Alamu anasuzumira kunja, nkhope inasintha.

“Akubwera kuno. Lowani apa,” anatero akuloza mpata wa pakati pa nthiti ziwiri.

“Tiyeni tithawe, alamu,” ndinatero ine.

“Tikathawa ndiye kuti tavomera. Inu ndinu mwana wa pano, akakupezani ndi ine mudzasowa kokhala. Lowani msanga!”

Ndinagona chagada mumpatamo, iwo anandivindikira ndi thabwalo n'kuimapo. Pakati pa thabwa limenelo ndi linzake panatsala kampata kolowa chala, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaonera.

“Makosana, tiyeni tikambirane,” ndinawamva alamu akufuula. “Awa si magazi, ndi mankhwala oumitsira guluu. Bweretsani mbale ndikuonetseni.”

Mwala woyamba unawamenya pakamwa. Kenako miyala inagwa pa boti lonse, mkatimo mukulira ngati ng'oma. Wina anaswa galasi lakutsogolo, wina ankatema kumimba ndi nkhwangwa, pomwe tinamata paja, mpaka mpeni wake unatulukira pafupi ndi phazi langa. Anthu anakwera. A Gervazio, omwe timaimba nawo kwaya, anawamenya alamu pamsana ndi mpini wa khasu. Anagwa chogwada, koma pathabwa sanachoke. Anayesa kuwakoka miyendo kuti awaponye kunja, iwo anagwiritsa m'mphepete mwa thabwalo ndi dzanja lamanja, zala zawo zili pamwamba penipeni pa nkhope yanga.

“Mnzake uja ali kuti?” wina anafunsa.

“Ndili ndekha,” anayankha alamu, magazi ali m'kamwa.

Pamenepo ndi pamene anakwera Alufeo, chikwanje chili m'manja. Achemwali, ena aja mwina analidi ndi mantha. Koma Alufeo kuyabwa kwa faiba ankakudziwa, chifukwa anatithandizapo kunyamula nsaluyo n'kukanda masiku awiri, tonse tikumuseka. Jakisoni uja anakagula ndi iye yemwe pa Lobi.

“Chotsa dzanja, mkamwini iwe,” anatero.

Alamu sanachotse. Chikwanje chinatsika pazala, chinakwera, chinatsikanso pamutu. Magazi anadontha pakampata paja, kulowa m'khutu mwanga ndi m'kolala, ofunda. Ndinaluma mkono wa malaya kuti ndisakuwe. Ndinadzikodzera. Sindinatuluke, achemwali. Munthu ankafera pamwamba panga, ine mwini fumbi ndili chete.

Atayamba kukhuthula petulo wa mujenereta, mayi anafika akuthamanga kuchokera kudimba. Sindikudziwa kuti ndi mawondo awo aja anakwera bwanji. Anawafunditsa alamu chitenje, anakhala pambali pawo n'kunena kuti, “Yatsani, muwotche ndi ine ndemwe.” Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi. Mayi anayang'ana Alufeo, anayang'ana chikwanje. Onse atachoka ndi pamene ndinatuluka pansi pa thabwalo, mayi akundiona.

Apolisi atafika kuchipatala, alamu anati magazi anawatseka m'maso, sanaone nkhope ya munthu. Ine anandinong'oneza kuti, “Musiyeni, mayi angafe nazo.” Mayi nawo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. “Limbikani mwanawe, zala sizidzameranso ngakhale ukanene. Ndisataye mwana.” Ndinavomera, ndipo ndi chifukwa chake ndinakunamizani. Sabata yathunthu ndadya mbale imodzi ndi Alufeo, iye akudandaula kuti mchere wachepa.

Alamu sakufunsa za mlandu, akufunsa za boti. Akuti kodi nthiti zinapulumuka? Zinapulumuka ndithu, tinazikuta bwino. Kumimba ndiye kuli mabowo asanu ndi limodzi. Akuti ndifunditse pulasitiki chifukwa cha mawawa, akadzatuluka adzandiphunzitsa kumata, poti dzanja lawo silidzagwiranso bulashi. Thabwa lija sindinalitsuke, ndinalibisa kudenga kwanga.

Lero m'mawa Alufeo anandipeza ndikufunditsa pulasitikiyo. Anali atasenza mitengo iwiri paphewa.

“Achimwene, chibotichi muchotsa liti? Ndikufuna kuzika nsanamira za khola,” anatero.

Ndinamuyang'ana kufunafuna manyazi pankhope pake, sindinawapeze. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga pepala lino.

Mawa kukacha ndinyamula thabwalo kupita kupolisi. Ndikayamba ndi dzina langa ndi za fumbi lija, kenako a Gervazio, kenako mwana wa mayi athu. Alamu akwiya nane, ndikudziwa. Mayi mwina sadzandiyankhanso moni. Inu amene mwakhala pakati, mwamuna uku mlongo uku, sindikupemphani kuti mundiuze chochita, chifukwa kalata ino ikamafika ndidzakhala nditanena kale. Ndikungopempha kuti mundikhululukire bodza lija, ndi kuti mukadzabwera mudzafikire kaye kwa mayi, adzafuna munthu wowagwira dzanja.

Alamu akupereka moni, akuti musadandaule, jekete lofunda lija analandira. Mayi akupereka moni, sakudziwa zimene ndalembazi. Ana a Alufeo akuti azakhali asaiwale maswiti, ndipo ndawalonjeza kuti ndinena. Mundipempherere, achemwali, kuti miyendo isakandibweze, pakuti njira ya kupolisi imadutsa pakhomo pa Alufeo ndipo anawo amandithamangira akandiona.

Ine mlongo wanu,
Limbikani Damiano