Fodya wa Danilo pa Thandala la Usipa

Lolemba, 5 Ogasiti

Cholembera chili ndi Cremilde, koma mawu ndi anga, ine Samsoni wa ku Nkholongue. Ndamuuza asakonze kanthu.

Ana anga ndi awa. Eduardo ndi msilikali wa panyanja ku Metangula, amavala zoyera. Cremilde yemweyu ndi profesora, mphunzitsi wa sukulu ku Maniamba. Danilo ali ku Maputo pa hotela yaikulu, amasankhira alendo vinyo ndi fodya. Ameneyu anakwera kwambiri, moti ngakhale pa maliro a amayi ake, a Yudita, sanathe kutsika.

Mwezi wamawa tikuika mwala pamanda awo. Ndinamuitana. Yankho lafika lero pa shapa, minibasi yakwathu kuno: ndudu imodzi, yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Dzina lake ati sharuto.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Danilo waimba foni. "Baba, utsi musameze. Poyamba mumva kofi, pakati chikopa ndi mkungudza, kumapeto chokoleti. Lamulungu mudzandiuze."

Chikopa ndinadyapo nthawi ya nkhondo, palibe anandiuza kuti ndi chakudya cha mabwana. Nditafunsa za mwala, foni yaduka. Mafoni a ku Maputo amaduka pa funso lomweli.

Nduduyo ndaifinya, ndi yofewa. Mwana wanga amugulitsa fodya wosauma. Sindimuchititsa manyazi. Ndaiyanika pa thandala pamodzi ndi usipa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Dzuwa labwino. Ndatembenuza usipa, ndatembenuzanso sharuto.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Yauma gwa. Ndavala jekete la kutchalitchi, ndaitana a Zakariya, anzanga amene tinkapalasa bwato limodzi. Ndadula kumutu ndi mpeni wotumbulira nsomba. Tsamba lakunja lasweka, tamata ndi malovu.

A Zakariya akoka ngati chingambwe chawo, ameza utsi wonse, atsokomola mpaka misozi.

"Kofi mwamumva, achimwene?"

"Ndamva agogo anga akundiitana."

Ine ndakoka pang'onopang'ono, monga bambo wa munthu wa ku Maputo. Poyamba ndamva usipa. Ndadikira chikopa. Pakati, usipa. A Zakariya ati mwina azungu usipa amautcha chokoleti. Ndazimitsa itafika theka.

Apa m'pamene Cremilde wanena kuti kufewa kuja n'kwadala, fodya ameneyu amamusunga m'bokosi la chinyezi kuti asaume.

"Unali kuti masiku onsewa?"

"Munati ndisakonze kanthu, Baba."

Sukulu ndinamulipirira ndine.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndikuloweza: kofi, chikopa, mkungudza, chokoleti. Akadziwa zimene ndachita adzati kumudzi sitidziwa zinthu, ndiye abwerere chiyani? Mwana amene ndinamunyamula paphewa kupita naye ku ubatizo, lero ndikukonzekera mayeso ake.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Waimba titangotuluka misa. Ndayamba bwino.

"Poyamba kofi, mwana wanga."

"Wowawa kapena wotsekemera, Baba?"

Zimenezo sindinaloweze. Cremilde wayang'ana kudenga. Ndangomuuza zonse: thandala, dzuwa, mpeni, malovu, a Zakariya.

"Ndiye munamva chiyani?"

"Usipa. Fungo lija la chitenje cha amayi ako akamachokera koyanika, iwe n'kumabisa nkhope m'menemo."

Ndagwedeza foni, ndimayesa yadukanso. Sinaduke. Ndimamumva akupuma.

"Theka lija lilipo?"

"Lilipo."

"A Zakariya asalikhudze. Mundisungire."

"Bokosi la chinyezi ndilibe."

"Pa thandala pomwepo, Baba."

Cremilde, lemba zilembo zazikulu, ndipo Eduardo umuuze apemphe tchuthi. Mwala wa a Yudita tidzaika Loweruka, pa 14 Seputembala, kuno ku Nkholongue. Mphasa za ana uyale zitatu.