Masitepe a bambo ake a Janet ndi dalaiva wakale

Lamulungu, 20 Okotobala 2024

Kutentha. Fani ikungozunguza mpweya womwewo. Ukwati wa mnzanga Janet ndi Loweruka likubwerali, nyimbo zonse zili m'manja mwanga, ndipo ine Sungeni sindinagwetsepo ukwati wa munthu.

Nkhani yaikulu pa ukwatiwu ndi bambo ake, a Noah. Sitiroko ya chaka chatha inawasiyira mwendo wamanzere wolemera, koma analonjeza mwana wawo kuti adzalowa naye muholo akuvina. Masabata asanu tsopano tikuyeserera pakhomo pawo ku Lifuwu. Masitepe awagwira. Dzulo afika mpaka pa mtengo wa mango osapuma.

Chondinyansa chimodzi chokha. Laputopu ikatentha, mawu amathetheka m'masipika ngati usipa m'chiwaya. Pa ukwati wa ku Chinguluwe mayi wina anandiyang'ana moipa mpaka nyimbo kutha.

Lolemba, 21 Okotobala

Nditaweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ulendo ku boma kwa Alex, wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi depoti. Waika pulogalamu yofufuza madalaiva. Akuti dalaiva ndi kapulogalamu komvanitsa laputopu ndi chipangizo, monga kabokosi kanga kotumiza mawu ku masipika. Pa sikirini zofiira zokhazokha. Madalaiva akale alipo 23.

"Dinani apa asisi, onse asinthike kamodzi." Iyeyo kudina saopa, laputopu si yake.

Ndakana. Pulogalamuyo ikuchita kuopseza ngati namwino wa kusikelo, koma kiyibodi ikulemba, sikirini ikuwala, ndizigwiriranji? Chodwala ndi mawu basi. Ndasankha dalaiva mmodzi, wa kabokosi. Ndisanadine ndamuuza asunge kaye pobwerera, kuti zikavuta laputopu ibwerere m'mene inalili m'mawa. Wanyinyirika koma wachita.

Lamulo langa lakale: sabata ya ukwati sindisintha ngakhale waya. Lero ndaliswa ndikuona. Masiku asanu ndi ambiri.

Lachiwiri, 22 Okotobala

Maola atatu nyimbo zikulira m'nyumba, laputopu yotentha kuti juu, mawu oyera bwinobwino. Osathetheka olo kamodzi. Ndavina ndekha ndi tsache. Ndine katswiri, ndisabise.

Lachinayi, 24 Okotobala

Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Kuyeserera komaliza, muholo. Operekeza akwati apunthwa pang'ono, kuseka, kenako kugwira. Ndiye nyimbo ya a Noah. Masitepe anayi bwinobwino, pa yachisanu mwendo watsalira. Tayambiranso. Chimodzimodzi. Kachitatu anatsala pang'ono kugwa, Janet wawagwira pa lamba. Aitanitsa ndodo yawo.

"Mwendo wabwerera m'mbuyo. Loweruka ndidzakhala pampando, ndisamuchititse manyazi mwana." Anayankhula mofatsa, ndiye zopweteka kwambiri. Janet wazemba kupita kuseri kwa holo. Ndimamumva akulira.

Ine ndimvekere mwangotopa bambo, ndi dzuwali. Iwo angotsamira ndodo yawo.

Lachisanu, 25 Okotobala, pa buleki

Ndine chitsiru, koma chitsiru chotulukira msanga.

M'mawa ndimaonera pafoni vidiyo ya kuyeserera kwa sabata yatha. Nyimbo ya a Noah, mphindi 4 ndi masekondi 20. Ndaliza nyimbo yomweyo pa laputopu, 3 ndi 59. Ndabwereza kawiri, zomwezo. Ndamuimbira Alex belu lisanalire. Waseka kaye, kenako akuti dalaiva wakale uja ankaliza nyimbo mochedwerako, watsopanoyu ndiye akuliza pa liwiro lenileni. Ndiye kuti zaka ziwiri ndakhala ndikuvinitsa Salima yonse mochedwa, popanda wodandaula. Ndipo a Noah masabata asanu aphunzira pa liwiro lochedwalo. Mwendo wawo ulibe mlandu. Ndawathamangitsira nyimbo ndine.

Alex akuti pali pulogalamu ina yochedwetsa nyimbo, ndibwere aike. Toto. Zatsopano zakwana sabata ino. Ndabwezera laputopu pobwerera paja, mtima uli m'mwamba mpaka itayaka. Yayaka. 4 ndi 20. Kuthetheka nakonso kwabwerera, takulandirani.

Lachisanu lomwelo, nditabwerako

Kabaza mpaka ku Lifuwu, laputopu pamsana, sipika yaing'ono pamiyendo, fumbi mpaka m'makutu. A Noah pakhonde, safuna kumva.

"Mwana wanga Sungeni, usandinamize pondimvera chisoni."

Za madalaiva ndafotokoza mpaka kukamwa kuuma, sizikulowa. Koma munthuyu zaka zambiri ankagawa madzi m'minda ya mpunga ndi wotchi, mlimi aliyense nthawi yake, ndipo wotchi saitsutsa. Ndawauza ayeze okha. Avula wotchi yawo, aigwira m'manja. Choyamba nyimbo pa foni ya Janet, liwiro lomwe linatsala pang'ono kuwagwetsa dzulo. Kenako pa laputopu. Ayang'ana wotchi, ayang'ana ine.

"Masekondi 21. Ndiye unandibera ndiwe?"

Eya bambo, ndine. Pepani.

Za kuvina sanavomere. Angoti ibwereze. Ndabwereza katatu, iwo ali pampando pomwepo, phazi lamanzere likugunda pansi. Potsanzika angondifunsa ngati kabaza akundidikira. Janet naye sakudziwa chomwe aganiza.

Loweruka, 26 Okotobala, muholo

Ndikulemba patebulo langa podikira a kutchalitchi. Intaneti ndathimitsa, laputopu isadzipangire nzeru. Ndaikweza pa timatabwa, fani pambali pake. Pulogalamu ya Alex yatulutsanso zofiira zake, ndaitseka. Idikire Lolemba, ndipo Lolemba lomwelo dalaiva mmodzimmodzi, wotchi ili pafupi. Lero ikafuna kuthetheka ithetheke, nthungululu ziphimba.

Kutsogolo aika mpando wa a Noah, akuti mwina. Sindikufuna kuuyang'ana.

Mahutala panja. Afika. Janet watsika, diresi likukwekwereza fumbi. A Noah akutsika mbali inayo, pang'onopang'ono, suti yotuwa. Mlamu wawo akuwapatsira ndodo. Aikankha. Agwira mkono wa Janet, aima pakhomo, akundiyang'ana ine.

Cholembera pansi.