Khadi la gadiyani wa bedi 14

Lolemba, 9 Seputembala

Bedi 14: Jovelyn, zaka 26. Nthiti ziwiri zothyoka, diso lakumanzere lotupa osatseguka. Wafika yekha atavala silipasi imodzi. Ndachita zonse zomwe anatiphunzitsa kuchipinda cha amayi ochitiridwa nkhanza: kukhala pampando wotsika, kumuika poti aziona chitseko, kupempha kaye ndisanamugwire. Kenako anati, "Ate, ndi Rodel." Mwamuna wake. (Kuno "Ate" ndi monga kunena kuti achemwali.) Ndamuuza kuti apume, zotsala tikamba mawa. Ndabwera kunyumba ndikudzitama.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Chitsiru ine.

Wodwala aliyense m'wodi muno amakhala ndi gadiyani mmodzi, womusambitsa, wokamugulira mankhwala, wogona pakatoni pansi pa bedi. M'mawa kwafika mayi wachikulire, korona m'manja, phala la mpunga mufulasiki. "Ndine mayi ake, mwanangu." Ine n'kutenga dzanja lawo, kuligunditsa pachipumi panga monga timachitira ndi akuluakulu, n'kuwapatsa khadi la gadiyani. Mwini wake osamufunsa! Zaka 17 ndikugawa makadi amenewa, manja amangochita okha.

Ndi Nanay Pacing (kuno mayi timati Nanay), mayi ake a Rodel. Apongozi.

Masana Jovelyn wauza dokotala kuti anaterereka kubafa. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Lachitatu, 11 Seputembala

Nanay Pacing sachoka pambali pa bedi. Ngakhale kuchimbudzi amamuperekeza.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndinawatuma kukagula mankhwala kunja kwa geti kuti ndipeze mpata. Iwo anangotuma gadiyani wa pabedi 15, n'kukhalanso pansi. Ndi ochenjera, ndipo m'wodi onse akuwakonda. Amagawa nthochi, amatsogolera mapemphero.

Ndikusintha botolo la madzi a m'mitsempha ndinawamva akumupesa tsitsi, akunong'ona: "Bambo ake a Rodel nawonso anali ndi dzanja lolemera, koma ine sindinafe. Kikay akukufunsa tsiku lililonse." Kikay ndi mwana wa Jovelyn, zaka 6. Ali kunyumba ndi Rodel.

Ndinapita kwa akulu a manesi, Mayi Delfina, kuti tiwalande khadilo. Anati, "Mukawathamangitsa aimbira mwana wawo foni asanafike pageti. Ndiye kamtsikanako mukakapeza kuti?" Zoona. Sanandikalipire, bola akanandikalipira.

Dokotala akuti mawa masana atuluka. Bedi likufunika. Ndikuopa kuti akadzabweranso sadzabwera akuyenda. Mpunga wandikanika kudya, ndapatsa galu.

Lachisanu, 13 Seputembala

Mayi Delfina anapempha dokotala kuti amujambulenso Jovelyn nthiti asanatuluke. Kuchipinda chojambulira gadiyani salowa, zinalembedwa pachitseko. Nanay Pacing anakakamira njinga ya odwala. "Amachita mantha akakhala yekha ameneyu."

"Pepani Nanay, ndi lamulo, ngakhale ine ndimatuluka akamajambula," ndinatero.

Titalowa ndinagwada patsogolo pake. Ndinati, "Khadi lija ndinapereka osakufunsa. Ndinalakwa. Tili ndi mphindi khumi, sindikukakamiza kunena chilichonse."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. "Mukanandifunsa ndikanati mkulu wanga Merlita. Ndinakuuzani dzina Lolemba, Lachiwiri mwandiikira mayi ake pabedi. Ndinkayesa mwandigulitsa, Ate."

Ndinamuuza chabe zomwe zilipo: nyumba yobisalamo amayi, galimoto yotulukira geti lakumbuyo, kalata ya dokotala yomwe ingasungidwe mpaka atafuna yekha.

"Popanda Kikay sindipita kulikonse."

"Ali kuti pano?"

"Kusukulu. Rodel amakamutenga 12 koloko."

Wotchi ya pakhoma inali pa 11:20. Panja Nanay Pacing anayamba kugogoda. "Kodi simunathe? Jovelyn, mwanangu!"

Ndinaika foni yanga pamwendo pake n'kuchotsapo dzanja. Anaiyang'ana, anayang'ana chitseko. Nambala anaiphonya kawiri. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinkati basi wasiya. Anaimbanso.

"Ate Merlita, ndine. Musandifunse kanthu. Pitani kusukulu mukatenge Kikay pompano. Kunyumba musadzere."