Mpikisano Womaliza wa Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kabudula tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Pa mapulogalamu a tchesi munandiuza aja, ndasankha yosafuna bandulo, poti netiweki yakuno mukuidziwa. Ndinayamba kuunika masewero a mpikisano wa ku Nsaru, tsiku lija ndinagonjetsa malemu bambo koyamba. Pulogalamuyo yaonetsa kuti anasiya mfumukazi yawo poyera kawiri konse, ndipo ndinapambanira pomwepo. Bambo, achimwene, munthu wosaphonya kanthu uja! Ndiye kuti matenda awo oiwalaiwala aja anali atayamba kale. Ine ndinkangodumphadumpha, iwo akundiombera m'manja.

Chonde, amayi musawauze. Mukabwera kudzamanga chiliza mudzatenge bolodi la tchesi la bambo lija, ine ndikulephera kuliyang'ana.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike