Mtima wa Kanjedza

Lachiwiri, 20 Febuluwale 2001

Ine Vitus Eneya Kadzakumanja, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wokhala kufupi ndi Guilleme m'boma la Mchinji, ndatsegula buku ili kuti ndilembemo za mitengo yanga ya kanjedza, isanu ndi inayi, imene ndinabzala ndi manja anga m'chaka cha 1969. Ndikulembera ine mwini, pakuti mutu wa munthu wokalamba umakonda kuwongola nkhani kuti imukomere. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, nthambi zonse zimene akhristu a patchalitchi pathu amanyamula pa Lamulungu la Kanjedza zakhala zikuchokera pakhomo pano. Sindinaphonyepo. Chaka chino tsikulo ndi 8 Epulo.

Dzulo masana, mphepo ya mkuntho kuchokera cha ku Zambia. Siinathe ndi theka la ola lomwe. Malata a khitchini tinakawatola m'munda wa chimanga. Bulugamu wamkulu wazuka ndi mizu yomwe. Mapapaya athyoka, nthochi zagona, chimanga chagona. Ku esiteti zigafa za fodya zagwa. Palibe amene wafa, Mulungu atamandike.

Kanjedza yense ali chilili, koma nthambi zang'ambika, zikungolendewera. Mayi a m'nyumba muno, a Enifa, anayang'ana m'mwamba nati: "Yafanana ndi inu musanapese m'mutu."

Lachinayi, 22 Febuluwale

Mtengo wa mango ukavulala timausadza, ndipo umaphukira mwamphamvu kuposa kale. Lamulo limeneli ndinaliphunzitsa ana asukulu zaka zambiri. Choncho m'mawa ndinabwereka makwerero, ndinanola chikwanje, ndi kudula mitu ya kanjedza iwiri. Mwaukhondo ndithu.

Ndili pa wachitatu, mawu kuchokera kumsewu: "Aphunzitsi, tsikani, mukupha mtengo!" Anali a Fanuel, tenanti wa ku esiteti, munthu wa ku Nsanje, amene anabwera kudzapempha nthambi za bulugamu uja zokonzera chigafa. Akuti kanjedza si mango. Ali ndi mtima umodzi wokha, pamutu penipeni, ndipo masamba onse amatuluka m'menemo. Ukaudula, watha. Akutinso nthambi zong'ambikazo ndizisiye, malinga zili zobiriwira, chifukwa ndizo zikudyetsa mtimawo.

Ndinawadziwitsa kuti ndinawerenga za zomera ku seminale, m'Chilatini, iwo asanabadwe. Anavula chipewa mwaulemu nati: "Zoona aphunzitsi, koma mitengoyi Chilatinicho siinaphunzire."

Ndinatsika. Maondo ndiwo ananditsitsa, osati iwo. Bulugamu ndawapatsa.

Lachitatu la Phulusa, 28 Febuluwale

Phulusa limene tadzozedwa pamphumi lero ndi la nthambi zanga za chaka chatha, monga mwa mwambo. Ndinalimva kulemera.

Titatuluka, a Kefasi, tcheyamani wa tchalitchi, anandipatsa moni anthu akumva: "Aphunzitsi, tamva kuti mwameta mitengo mpala. Musadandaule, alamu anga kutsidya kwa malire ali ndi kanjedza wodzaza dimba, njinga imodzi yokha yakwana." Kefasi ameneyu ndinamuphunzitsa Sitandade 5 kawiri. Ndinayankha kuti nthambi zidzachokera kumene zimachokera.

Chodabwitsa: chimanga chogwa chija chadzuka chokha. Phesi lapinda pansi ngati bondo, mutu kuyang'ananso kumwamba. Palibe amene anachithandiza.

Lachisanu, 9 Malichi

Munda ukubwerera msanga kuposa mwini wake. M'tsinde mwa nthochi zogwa, ana atatuatatu. Maungu ayanga pamwamba pa mizu ya bulugamu ngati anauzidwa kuti malowo ndi awo. Mapapaya othyoka a Enifa anawaveka zitini pamwamba kuti mvula isalowe m'mphako, ndipo awiri aphukira m'mbali. Akuti nzeru imeneyi anaiona kwa amayi awo, amene sanapondeko kusukulu. Akuinena kawirikawiri, makamaka ine ndikakhala pafupi.

A Fanuel anabwera ndi tomato wa m'dimba lawo, kuthokoza bulugamu. Anakwera pamakwerero, mtengo ndi mtengo, kugwira kansonga ka pakati ndi kukoka pang'ono. Kakazuka ndi kununkha, mtengo wafa. Kakakana, uli moyo. Isanu ndi iwiri yonse inakana. Ndinamva ngati kalasi yanga yakhoza mayeso yonse.

Iwiri imene ndinadula anangoinunkhiza, natsika. Munthu waulemu.

Loweruka, 24 Malichi

Zatuluka! Pamtengo uliwonse nthambi imodzi yatsopano, yowongoka ngati mkondo, yachikasu, isanatambasuke. Ndinakwera ndi rula yakale ya kusukulu: yaitali kwambiri, mainchesi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Pansi pake nsanza zija zikadalipo, koma sindikuziyang'ananso ndi manyazi.

Ndipo nthambi zanthete zotere ndizo amayi amafuna polukira timitanda ndi timaluwa tonyamula paulendo wolowa m'tchalitchi. Nthambi imodzi ikang'ambidwa bwino imakwana anthu makumi atatu. Ndawerengera kawiri. Zikwana, ndi kutsalako za ana a kwaya.

Ndatumiza kalata kwa a Kefasi kuti njinga ya alamu awo ipume. Masana ndinaimba nyimbo ya Lamulungu la Kanjedza ndili pakhonde. A Enifa akuti nkhuku zinathawa.

Lolemba, 2 Epulo

Dzulo a Fanuel anamva za kalata ija kutchalitchi, ndipo lero anafika ndi manja akuda ndi utomoni wa fodya, osadutsa ndi kunyumba komwe. Zaka zina, akuti, ndinkadula nthambi imodzi pamtengo wokhala ndi nthambi zabwino makumi awiri, mtengo osamva kanthu. Chaka chino yatsopanoyo ndi yokhayo. Zakale zija zikufota, zagwira ntchito yake. Mtengo waika mphamvu zake zonse zotsala pa nthambi imodziyo. "Mukaidula, mitengo ina ipirira, ina ayi. Sindingakuuzeni kuti iti."

Ndinafunsa ngati ndingadule zinayi zokha. Anati mitengo ndi yanga.

Mawu amenewo andipweteka kuposa akadandikaniza.

Lachitatu, 4 Epulo

Chikwanje ndachinola, ndachibweza, ndachitenganso.

Zaka makumi awiri ndi zitatu. Mtolo paphewa Loweruka masana, amayi kundilandira ndi nthungululu pakhomo pa tchalitchi. Lamulungu ndimayenda kumbuyo kwa ansembe, ndipo aliyense amadziwa kuti chimene chili m'manja mwake chinamera pakhomo pa Kadzakumanja. Kodi ndikanene chiyani kwa Kefasi, kalata yanga ili m'thumba mwake? Ndinailemba bwino kwambiri kalata imeneyo. Adzaisunga.

A Enifa akusenda maungu, osakweza maso: "Ambuye analowa m'Yerusalemu osafunsa kuti nthambi zathyoledwa kwa yani."

Ndinawauza kuti nkhani za zaumulungu azisiyira amene anaziphunzira. Anaseka mpaka mpeni kugwa.

Lachinayi, 5 Epulo

M'mawa tagwetsa mitengo iwiri ija, ine ndi a Fanuel. M'kati mwawola, fungo loipa. Mphepo yomwe inazula bulugamu inailephera. Amene anaipha ndine, ndi chikwanje chonola bwino. Ndikulemba izi momveka kuti chaka chamawa ndisadzanene kuti unali mkuntho.

Nthambi zatsopano zayamba kutambasuka, zikubiriwira. Pamtengo wa pafupi ndi chitsime kansonga kachiwiri kakusuzumira.

Tsono ndagamula motere. Chaka chino sindidula nthambi ngakhale imodzi. Mawa m'mawa ndivala jekete, ndipita ndekha kwa a Kefasi, osati kalata, ndi kukapempha kuti atume njinga kwa alamu awo. Akaseka, ndidikira amalize. Lamulungu ndidzalandira kanjedza wa ku Zambia pamzere monga mkhristu wina aliyense, ndi kumunyamula m'mwamba, ngakhale atakhala wamfupi, zimene ndikuyembekeza. Wofunsa chifukwa chake ndidzamuuza kuti anandiphunzitsa ndi a Fanuel a ku esiteti. Kuyambira lero chikwanje sichikwera pamitengo imeneyi iwo asanaione.

Ndatsimikiza, ndi dzanja langa,

V. E. Kadzakumanja