Tomato wa ku Bembeke

Lachiwiri, 7 Julaye 2020

Voisi ya achemwali anga a Edinah. Chisanu chagwa ku Bembeke, theka la tomato kudimba lapsa. Kumbuyo kwa mawu awo ndamva chifuwa. Cha mwana wanga Chilungamo. Chouma. Ndamvetsera mobwerezabwereza. Paliponse nkhani ndi korona, ndege zopita kwathu kulibe.

Kuno kunja ku Al Warqa, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, kutentha koti mpopi wa madzi ozizira ukutulutsa otentha. Mpiru umene ndinafesa kuseri kwa khitchini ya Madamu nawonso wapsa. Ndinafesa mu Juni ngati kwathu. Mdala wa ku Pakistan wosamalira maluwa anangoseka m'kati mwa masiki: "Khalas, zatha. Udzafese mu Okutobala."

Lachinayi, 9 Julaye

Kuzizira kumawotcha bwanji? Pa chithunzi chimene atumiza achemwali masamba ndi akuda, ofota. Anga chimodzimodzi, koma anga ndi dzuwa. Ndabisa tsamba limodzi lamoyo m'firiza, pansi pa nkhuku, ndione. Dzanja ndinalisiyanso momwemo mpaka zala zinachita ngati ndagwira mbaula. Ndiye mwana wa zaka zitatu?

Ndawafunsa achemwali kuti m'mawa mwanayo amakhala kuti. Sanayankhe.

Loweruka, 11 Julaye

Ayankha. Amapita naye kudimba m'bandakucha, poti alibe womusiyira. Iwo kuthira madzi pa masamba dzuwa lisanatuluke kuti chisanu chichoke. Iye kukhala pambali pa mulu wa zinyalala umene amayatsa kuti utsi ufunditse mbewu. Nsapato zinamuthina, amapita chosavala. "Nanga amake Chilu, tomato tingomusiya afe?" Ndalephera kukalipa. Dimba lomwelo ndi limene likumudyetsa.

Ndi utsi? Ndi kuzizira? Kapena ndi korona iyoyo? Akuti phala akudya, thupi silikutentha.

Tsamba ndalitulutsa. Lobiriwira bwinobwino, lolimba gwa. Kungoliika padzuwa, pompo lafewa, lada. Ndiye mbewu imafa m'mawa eti, osati usiku. Nchifukwa chake amathamangira.

Lachitatu, 15 Julaye

Foni zii kuyambira Lamulungu. Ndaswa kapu ya Madamu. Mpiru wanga ndazula wonse, ndataya m'bini.

Lachisanu, 17 Julaye

Voisi yabwera: foni ya achemwali inatha moto, sola sinagwire ndi mitambo. Achemwali akulira. Chisanu chinabweranso champhamvu, tomato yense wapita. Azula zonse, timitengo amanga mtolo. Akuti dimba latha chaka chino, palibenso chodzukira.

Kenako kamawu ka Chilu: "Amama, lero ndadzuka dzuwa litatuluka kale." Watsokomola kamodzi kokha, kachifuwa kofewa.

Adzadya chiyani sindikudziwa. Achemwali akulira tomato wawo, ine ndili m'kachipinda kosungira mpunga, chitseko chotseka, ndikuseka ndekha. Mulungu andikhululukire. Ndimvetserenso kamodzi, Madamu ayambapo kale kundifulumizitsa, yalla yalla